Tinakhuza Maliro a Anyamata Amoyo

Ndikamadutsa ku Bur Dubai masiku ano ndimayang'anabe m'mwamba, pa zenera la nyumba ina yotuwa yomwe pansi pake pali masitolo a nsalu. Makatani anasintha. M'chipinda chimenecho ndinakhalamo zaka zinayi, ndipo ndikanena kuti sindichisowa ndiye kuti ndanama. Tinkagonamo awiri, ine bedi lam'mwamba, lapansi mtsikana wa ku Indonesia yemwe tinkagulitsa naye nsapato m'sitolo ina ku Al Barsha. Ndati mtsikana, koma anali wamkulu kwa ine. Anali Msilamu mnzanga, wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda tsabola mopitirira muyeso.

Pa kashelefu ka kumutu kwa bedi lake pankakhala chithunzi cha m'felemu, chopukutidwa tsiku ndi tsiku. Anali mnyamata woseka, mano onse pamtunda, atavala juzi yachikasu. Kwathu chithunzi cha m'felemu chimakhala cha m'bale, kapena cha mwamuna yemwe anaonekera kale kwa amalume. Ndiye ndinangodziuza kuti uyu ndi mlongo wake, mwina bwenzi lomudikira kwawo. Sindinafunse. Ndinali nditangotha miyezi itatu m'chipindamo, ndipo ndinaleredwa kuti za mwamuna wa pa chithunzi cha mnzako safunsa. Ndiululenso kuti nthawi imeneyo maso anga sankasiyanitsa nkhope ya ku Japan ndi ya ku Indonesia.

Lachinayi lina iye anapuma, ine ndinapita kuntchito. Pobwera ndinamupeza atakhala pansi, chithunzi chija chili pachifuwa, maso atatupa ngati walumidwa ndi njuchi. Mpunga womwe anaphika masana unali wosakhudza.

"Chachitika n'chiyani?" ndinamufunsa m'Chingelezi chathu chothyokathyoka.

"Khalas," anatero. "Zatha. Sindidzamuonanso."

Sindinafunsenso kanthu, poti woferedwa samupanikiza ndi mafunso. Chinandipweteka n'chakuti analibe m'bale aliyense kuno. Ine zambiri ndimapirira, koma zoti munthu alire yekha m'dziko la eni, chitseko chotseka, ayi ndithu. Ndinatenga foni n'kulemba pa gulu la amayi a kwathu kuti mnzanga wogona naye chipinda chimodzi waferedwa, alibe wake, mawa tidzamupepese.

Muyenera kudziwa kuti Lachisanu linali chiyani kwa amayi amenewo. Ndilo linali tsiku lawo lopuma, ndipo ena ankalipeza kamodzi pamwezi. Linali tsiku lochapa, loluka tsitsi, loimba foni kumudzi, logona tulo ta sabata yonse. Komabe anabwera asanu ndi awiri, dzuwa likuswa mtengo. Wotsogolera anali mayi wina wa ku Mangochi, wogwira ntchito ya m'nyumba kwa zaka zambirimbiri, yemwe tonse tinkangomutcha amayi ndipo tinkamuopa. Panalinso namwino wa ku Chipata, ndi wina yemwe anachokera ku Dubai Investments Park pa mabasi awiri ndi sitima. Anavula nsapato pakhomo, n'kutulutsa zitenje m'zikwama, n'kumanga pamwamba pa zovala zawo. Shuga, masamba a tiyi ndi mandasi anaziika pakona. Kenako anakhala pansi, miyendo tambalale, chete.

Mnzanga anangoti kukamwa yasa. Ankandiyang'ana, ine n'kumamugwedezera mutu kuti asaope, ndi mwambo wathu.

Amayi anapanga duwa, pemphero lathu lachisilamu, motsitsa mawu. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Iwe, tamufunsa mnzakoyu. Malemuwa anadwala nthawi yaitali, kapena ndi ngozi?"

Ndinamasulira. Mnzanga anayang'ana ine, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso zitenje zija.

"Wamwalira ndani?" anatero. "Iyeyu ali moyo."

Nkhani inali yakuti mnyamatayo ndi woimba, mmodzi mwa anyamata asanu a gulu lina lotchuka la ku Japan. Dzulo lake gululo linali litalengeza kuti likupasuka, aliyense azikaona zake. Panalibe ubale uliwonse. Mnyamatayo sankadziwa n'komwe kuti padziko pano pali mtsikana wogulitsa nsapato yemwe amapukuta chithunzi chake.

Ndinasowa poika nkhope, ndipo manyazi anga sachedwa kusanduka mkwiyo. "Munthu wamkulu ngati iwe, kulirira anyamata ovina? Mpaka osadya?" Ndinamukalipira zedi, ndipo tsiku limenelo Chingelezi chinatuluka chosathyoka. Nditawafotokozera enawo, namwino uja anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Imwe, nachoka ku naiti ine, osagona," anatero, "kubwela kulila anthu amoyo?"

Ena anayamba kumasula zitenje ndi kusakasaka zikwama. Mnzanga anaweramitsa mutu, chithunzi anachivundikira pamiyendo. Apa m'pamene ndinaona chomwe ndachita. Ndinaitana anthu kuti asalire yekha, koma tsopano anali pafupi kutsala yekha kuposa dzulo, ndi chitonzo pamwamba.

Amayi okha ndiwo sanasunthe.

"Yalla yalla, changu chonsechi mukupita kuti? Khalani pansi. Maso akewa mwawaona? Ndi abodza? Tabwera kale ife. Iwe, muuze atiuze mbiri ya anthu akewo. Pamaliro timamva mbiri."

Panalibe wotsutsa. Mnzanga anayamba mwamanyazi, ine ndikumasulira. Anyamatawo anayamba ali ana asukulu, ovina kumbuyo kwa oimba akuluakulu, opanda wowadziwa dzina. Atawaphatikiza kukhala gulu, nyimbo zawo zoyamba sizinayende. Ankaimba m'maholo momwe mipando yambiri inalibe anthu, n'kumagwada kuthokoza ochepa omwe abwera. Zinatenga zaka kuti ayambe kudzaza mabwalo a mpira. Mtsogoleri wawo anali wosalankhula, mawu ake ankasungira nyimbo. Wina wamtali ankalira pasiteji chaka chilichonse. Awiri ankakangana ngati akazi a pamitala, koma wina akadwala mnzake ankaimba mbali yake atanyamula malaya ake. Aliyense anali ndi mtundu wake wa zovala, ndipo wowakonda ankasankha mmodzi n'kukhala naye mpaka kalekale. Wake, wachikasu uja, ankaiwala masitepe. Anzake akapita kumanja iye ankapita kumanzere, n'kumaseka yekha.

"Ameneyo ndiye unasankha?" amayi anafunsa. "Anthu alipo asanu, iwe kukatola wosokoneza?"

Tinaseka tonse, nayenso mwini wake anaseka, mphuno ikuchucha. Wina anadzuka kukatereka madzi a tiyi. Zitenje zomwe zinamasulidwa zija zinamangidwanso mwakachetechete.

Kenako mawu ake anatsika. Anati anawadziwa ali ndi zaka khumi ndi zitatu, pa kanema wa oyandikana nawo nyumba, iye ndi mkulu wake. Ankaphunzira kavinidwe kawo kuseri kwa nyumba, mayi awo akuwakalipira kuti akatsuke mbale. Mkulu wakeyo anakwatiwa kutali. Iye anatuluka kukasaka ntchito, dziko ili, dziko ilo. Mayi ake anamwalira iye ali kunja, nyumba inagulitsidwa, pamalopo anamangapo sitolo. Zonse zinasintha, koma anyamata asanuwo analipobe, chaka ndi chaka, akukula naye limodzi, mpaka wina anayamba imvi.

"Tsopano," anatero, "palibe chatsala cha nthawi yomwe ndinali mwana kwathu."

Chiganizo chimenecho ndinachimasulira movutika. Ndinadzimvera chisoni ndi pakamwa panga paja, ndipo ndinamugwira dzanja. Sanalichotse.

"Tiikire nyimbo yawo imodzi," amayi anatero. "Yofatsa."

Anaika foni pakati pa kapeti. Palibe mmodzi wa ife yemwe ankamva ngakhale liwu limodzi la Chijapanizi. Anayamba mmodzi mwa anyamatawo, mawu opyapyala, anzake n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka onse asanu. Woyamba kufwenthera anali namwino yemwe uja. Wa mabasi awiri uja anatsatira, akutchula dzina la mng'ono wake. Ine ndinangozindikira kuti ndikulira bambo anga, omwe anaikidwa m'manda ine ndili chogwada kuyesa munthu nsapato, ndipo kuyambira tsikulo ndinali ndisanawalire pamaso pa munthu. M'chipindamo aliyense anali ndi maliro ake omwe sanakakhuze.

Amayi, omwe sindinawaonepo misozi chibwerereni kuno, anakokera mutu wa mnzanga pamiyendo pawo n'kumamusisita tsitsi. Chitenje chawo chinali kumaso. Nyimbo inatha, madzi akuwira pamoto opanda wowaphula.

"Iyambitsenso, mwanangu," amayi anatero. "Ine sindinamalize."