Dzanja Losathira Mchere

Pamaliro alionse kwathu kwa Makhuwira, woyamba kufika pamoto ndi a Otilia. Amatunga madzi, kuwaza nkhuni, kusadzula nkhwani, koma ndiwo zikatsala pang'ono kupsa amaitana wina kuti adzathire mchere.

Zinayamba mu 1988. Ali ndi pakati pachiwiri, potsatira mwana wawo woyamba Petro, anakwezedwa lole pamodzi ndi amayi ena kukavina ku Blantyre pa chikondwerero cha chipani. Kukana kunalibe. Ataima padzuwa kuyambira m'mawa anakomoka, nakatsitsimukira kuchipatala chachikulu. Kumeneko anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuwaunika ndi makina oonera mwana asanabadwe, amene ife a kuchigwa kuno tinali tisanawamvepo. Dokotala anati impso imodzi ya mwanayo yasunga timadzi n'kutupa pang'ono, koma ana ambiri zimawathera zokha. Angodzamuonetsa akabadwa.

A Otilia sadziwa kubisa. Atafika kumudzi anafotokozera amuna awo, a Sebastiano, odula nzimbe, ndipo iwo anakauza mayi awo. Apongoziwo anati mwana satupa popanda chifukwa: limenelo ndi tsempho, kholo lina linayenda ndi wina kumbali. Mwana wawo Sebastiano sanamufunse kanthu, ngakhale ankakhala kukomboni miyezi yathunthu.

"Tchulani dzina, amake Petro, mwanayo apole."

"Nditchule ndani, amayi? Khasu langali?"

Anawaletsa kuthira mchere m'ndiwo ndi kugona m'nyumba ya amuna awo. Zina zonse sanawaletse. Manja omwewo ankapalira kudimba, kutola thonje, kusinja mapira ndi kuchapa nsalu za apongozi, mimba ili patsogolo. Tsiku lililonse ankawamwetsa mizu yowawa ya tsempho. Tili pamjigo anandiuza kuti akungodikira mwanayo abadwe bwino monga ananenera dokotala, anthu aone kuti analibe mlandu, amuna awo awatsekulire chitseko.

Mwanayo, Fanuel, anabadwa nthawi yadzinja, wonenepa, ndipo anakodzera nesi pamalaya. Atamupima anati impso zonse zili bwino. A Otilia anabwera naye kumudzi akumwetulira. Apongozi anamulandira, namusisita timapazi, kenako anauza onse amene anadza kudzamuona kuti mizu yawo yagwira ntchito. Likanakhala kuti silinali tsempho, mankhwala a tsempho akanamuchiritsa bwanji?

Chaka chisanathe, a Sebastiano anakwatira wina ku Nchalo. A Otilia anatsala pamudzipo chifukwa cha ana, ndipo apongozi atagwa m'matenda ndi iwo amene ankawasambitsa, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala.

Gogoyo tinamuika mwezi watha. Tikuphika za pamaliro, ndinawapatsira a Otilia chikho cha mchere, n'kuwanong'oneza kuti wowaletsa palibenso. Anapukuta manja pachitenje, nayang'ana ana amene ankasewera pansi pa msawu.

"Thirani ndinu, anzanga. Wina mwa awa akadzatupa, adzati ndine."

Ananyamula ndowa n'kubwerera kumjigo.