Kandulo ya a Lungu

Ndikukumbukira chaka chimene madzi anasowa msanga ku Kanakantapa, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Atate anaganiza zokumba chitsime chathuchathu kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkakoka ndowa ya dothi ndi chingwe.

Masiku omwewo aphunzitsi athu a sayansi anabwera m'kalasi ndi peyala, nalidula pakati. Anati dziko lathu lili chonchi: khungu ndi miyala yolimba imene timapondapo, mnofu ndi miyala yotentha koopsa imene imasuntha pang'onopang'ono ngati phula, ndipo nthanga yapakati ndi chitsulo, chosungunuka kunja koma cholimba m'kati chifukwa chopanikizika. Anzanga maso anali pa peyala, kuti adye ndani. Ine maso anali pa khungu lija, kupyapyala kwake. Ndinali mwana wokayikira chilichonse, choncho ndinaona kuti akuluakulu akutibisira kanthu. Ngati khungu ndi lopyapyala chotere, Atate ndi piki yawo atsala pati kuti aboole?

Chitsime chitazama, Atate anayamba kutuluka thukuta lili kamukamu, akupuma mwabefu. Ankakhala pansi nthawi yaitali atagwira mutu, nkumati, "Pansi paja pakupya, mutu ubaba." Ndinadziwa kuti moto wayandikira.

Amayi nawo anali ndi wawo womukayikira. A Lungu, oyandikana nafe amene anachokera ku Chipata, anali atakangana ndi Atate za malire a munda, moti sankapatsana moni. Koma ankadutsadutsa pafupi ndi chitsime, kusuzumira, nkupitirira. "Baja bafuna chani pa chitsime chathu?" Amayi ankatero. "Baponyamo vintu, niziba."

Loweruka lina m'mawa, Atate akudzimanga chingwe m'chiuno, mantha anandigonjetsa. Ndinawakakamira mwendo ndikulira mokuwa: "Ba Tata, musangene! Mwafika pa mulilo!" Anayesa kundikutumula, ine osasiya. Phokosolo linafika kwa a Lungu, ndipo tinangowaona akubwera ndi kachidutswa ka kandulo m'chitini.

Amayi anawatsekera njira. "Mankhwala yanu muyende nayo kwanu, Ba Lungu."

"Ni kandulo chabe," anayankha, osawayang'ana n'komwe. Anaiyatsa, naiika m'ndowa, naitsitsa pang'onopang'ono, tonse titazungulira dzenje. Lawi linayamba kuchepa, linafiira, kenako linazima ndowa isanafike pansi. Panalibe mphepo.

"Mpweya wa pansi waipa," anatero a Lungu. "Pamene pazima kandulo, na muntu azima. Mukulu wanga tinamuchosa mu chitsime na ntambo, anali atafa."

Atate anamasula chingwe chija. Amuna awiriwo anadula nthambi yamasamba ambiri, naimanga, ndipo anaikweza ndi kuitsitsa m'chitsimemo kuti atulutse mpweya woipawo, mpaka kandulo inafika pansi ikuyaka. Amayi sanapepese, sanali munthu wa zimenezo. Anangowatulutsira a Lungu mpando.

Lolemba ndinakafunsa aphunzitsi mwaukali ngati anatinamiza. Anaseka. Anati sananame, kungoti khungu lopyapyala lija, kuti munthu aliboole, angakumbe mtunda ngati wochoka ku Chongwe kukafika ku Lusaka. Chitsime chathu chinali kukanda chabe.

Lero ndikaganizira, chimene chimandiopsa si moto wapansi pa dziko. A Lungu anali ataona kale mmene Atate ankapumira, ndipo nchifukwa chake ankadutsadutsa. Ankafuna kunena, koma ankadziwa kuti pakhomo pathu mawu awo tiwayesa ufiti. Ine ndinkaopa zakutali, Amayi ankaopa munthu, ndipo munthu yekhayo amene akanatha kupulumutsa Atate tinali titamutseka pakamwa ndife.