Mafuta a Dzuwa

Ukwati wa mwana wanga wamkazi unali wa mu Julaye, ku Ulaya, koma ine ndinayamba kulongedza mu Meyi. Musandiseke. Munthu amene waphunzitsa moyo wake wonse ku Chiparamba, ulendo wake wautali n'kukhala wa ku Lusaka kukalondola za penshoni, sangadikire tsiku lonyamuka kuti ayambe kufunafuna mswachi. Sutukesi ndinaiika pampando m'chipinda, yotsegula, ndipo tsiku lililonse ndinkaponyamo kanthu: zitenge zitatu zokapatsa asewere anga (makolo a mkwati), nsapato zofewa, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, chipeso cha mano akuluakulu, mafuta a nsatsi odzola m'mutu, ndi mwala wanga wokwechera zidendene. Ndinagulanso chikhothi cholemera pa salaula, pamene amagulitsa zovala zovalidwa kale, poti tonse timadziwa kuti kwa azungu kumazizira. Mwanayo atamva anaseka mpaka kutsamwa, nati miyezi imene ife timanjenjemera kuno, kwawoko kumakhala kotentha. Chikhothicho ndinachitulutsa, ngakhale ndinali ndisanakhulupirire.

Kenako kunabwera uthenga wa mawu pafoni. Anatchula zinthu zingapo zoti ndisaiwale, ndipo pomaliza anati, "Amama, mupezenso mafuta a dzuwa. Ukwati udzachitikira panja, ndiye ndikufuna muzidzadzola. Mukafunse m'tauni, amadziwa."

Tsoka lake uthengawo ndinaumvetsera akulu anga ali pomwepo. Akulu angawa amakhala ku Nabvutika, ndipo kuyambira tsiku limene anamva za ulendo ankabwera m'mawa uliwonse kudzandithandiza kulongedza. Kuthandiza kwake kunali kutulutsa zimene ndaika, kuzinunkhiza, n'kuzibwezera akupukusa mutu. Atamva za mafuta anaika kapu ya tiyi pansi.

"Wamva zimene wakamba mwana?"

"Ndamva, asisi. Akuti mafuta a dzuwa."

"Manje iwe, dzuwa liti? Iwe unakulira m'munda wa nshawa, mu Okutobala ukuyenda mutu pamtunda. Dzuwa la azungu lingakuchite chiyani? Mwana uja unamulera na ulemu, sangakuuze mwachindunji. Dzuwa limadetsa. Mafuta a dzuwa ni ochotsa kuda. Akuti udzikonzeko usanakaime pafupi na apongozi ake."

Ndinawakalipira, ndinawauza kuti mwana wanga sangaganize zonyansa ngati zimenezo. Koma atapita, mawuwo anatsala. Kwathu kuno mwana sauza mayi ake kuti mukununkha thukuta, amangowagulira sopo. Ndipo kunena zoona, mafuta otchinga dzuwa ndinkawadziwa ngati a anthu achialubino basi. Ine ndine wakuda bii, wakuda kuyambira kubadwa, ndipo ndili mwana anzanga ankanditcha makala. Ndinkayesa kuti zimenezo zinatha kalekale. Madzulo ake ndinapezeka ndaima pagalasi nthawi yaitali, ndikudzifunsa ngati mwana amene ndinamubereka ndekha akuchita nane manyazi.

Ndikanangomuimbira n'kumufunsa. Akuti safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu ndaulemba pabolodi kambirimbiri. Koma ndinkaopa yankho. Ndinkaopa kamphindi kaja kamene munthu amakhala chete pafoni asanakane.

Loweruka akulu anga ananditengera kumsika, kuseri kwa ogulitsa mawigi, kwa mayi wina amene amasakaniza yekha mafuta. Nditangomuona ndinayenera kubwerera. Nkhope yake inali yofiira ngati nyama yowamba, masaya akuda ndi kupsa, timitsempha tobiriwira tikuonekera pachipumi, koma mfundo za zala zinali zakuda kuposa zanga. Anandigwira chibwano ndi dzanja lamafuta n'kunditembenuza uku ndi uku, monga amachitira ogula mbuzi.

"Aa, amayi, apa pali nchito. Koma musade nkhawa, masabata atatu chabe, na mwana wanu sadzakudziwani."

Anatenga kabeseni ka pulasitiki, kakuda ndi litsiro m'mbali. Anafinyiramo machubu anayi, anapaliramo sopo wachikasu ndi mpeni, anadonthezeramo madzi a m'kabotolo kopanda pepala lililonse. Potakasa anagwiritsa supuni imene inali m'kapu yake ya tiyi. Ntchentche inagweramo, iye anaivuula ndi chikhadabo, n'kupukutira chikhadabocho pamlomo wa beseni kuti mafuta asawonongeke. Zonsezo anazithira m'botolo limene kale munali chiponde, ndipo sanalitsuke bwino. Fungo lake linali la mazira owola othiridwa perefyumu. Ndinalavulira kumbali, koma botolo ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokozanso.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndikakumbukira si beseni lija ayi. Ndine. Ku Chiparamba ndinkadziwika kuti ndine mphunzitsi wolanda atsikana timachubu timeneti. Ndinkawaimika kutsogolo kwa kalasi, n'kuwauza kuti Mulungu sanalakwitse utoto. Ena ankalira. Tsopano mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, ndinali kutseka chitseko m'mawa ndi madzulo n'kumapaka zonunkhazo kumaso, ndikupuma ndi pakamwa. Botolo ndinkalibisa pansi pa zovala m'sutukesi kuti alendo asalione, ndipo posakhalitsa zitenge za asewere anga zinatenga fungo lonse. Pilo wanga anasanduka wachikasu.

Tsiku lachisanu nkhope inayamba kuwotcha ngati ndasamba ndi tsabola. Ndinawauza akulu anga.

"Ndiye kuti akugwira nchito," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uwonjezeko na pakhosi, usakaoneke monga wabwereka mutu."

Iwo eni ake sadzola zimenezi, dziwani. Ndi oyererako chibadwire, anatengera kwa bambo athu, ndipo moyo wawo wonse akhala akuyenda ngati anachita kukhoza mayeso kuti akhale otero.

Sabata yachiwiri khungu linayamba kusupuka. Ndikamamwa tiyi tizikamba tinkagwera m'kapu. Ndikasamba, thaulo linkatuluka ndi zotuwa zokhala ngati gaga. Pansi pake panatuluka khungu lina lofiirira, lanthete, losafuna ngakhale mphepo. Silinatuluke mofanana. Pachipumi panayera, pamphuno panafiira, m'mbali mwa maso ndi pakamwa munatsala mwakuda, ndipo ndikadziyang'ana ndinkaona ng'ombe ya mawangamawanga.

Lamulungu ndinadzola paudala wambiri n'kupita kutchalitchi, ndikuyembekeza kuti anzanga andidzudzula. Mwina ndinkafuna kuti wina andidzudzule. Koma titatuluka anandizungulira pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi, koma mwawala! Ulaya wayambira konkuno!"

"Mutiuzeko kumene mwagula."

Mayi wina amene takhala naye benchi imodzi zaka zonsezi anandisisita paphewa, nati, "Manje mwayamba kuoneka munthu." Ananena mokoma mtima, akumwetulira. Ndinamuyang'ana mano ake, ndipo ndinamva ngati ndameza ntchentche ya kumsika ija. Ndiye kuti zaka zonsezi, tikuimba limodzi, tikuphika limodzi pamaliro, iye ankaona chiyani pabenchipo? Ndinabwerera kunyumba ndikunyansidwa ndi iye, ndi akulu anga, ndi tauni yonse. Koma madzulo ndinadzolanso, chifukwa ndinaganiza kuti ngati anzanga amandiona choncho, kuli bwanji azungu, kuli bwanji mwana amene akukhala pakati pawo.

Masiku onsewo mwana wanga akaimba foni yoonana nkhope, ndinkadula n'kumuuza kuti netiweki ikuvuta. Ankakhulupirira, poti kuno ku Chipata bodza limeneli silisowa umboni. Koma Lachitatu lina masana telala anabweretsa diresi langa la ukwati, ndipo ndinalakwitsa kumuuza. Anaumirira kuti alione. Ndinayala diresi pabedi n'kulozetsa foni pamenepo.

"Ndi lokongola, amama. Valani ndione mmene likukhalira."

Ndinavala. Ndinakokera duku mpaka pansidze, ndinatseka katani, n'kuimika foni patali pawindo. Ndinatembenuka kawiri, ndikuonetsa msana kwambiri.

"Bwerani pafupi."

"Waliona kale."

"Amama, bwerani pafupi. Tsegulani katani."

Ndinatsegula. Anandiyang'anitsitsa osaphethira, moti ndinayesa kuti netiweki yavutadi.

"Mwapsa ndi chiyani? Mafuta ophikira? Mwapita kuchipatala?"

Pamenepo mkwiyo wonse wa masabata awiri unatuluka. Ndinamuuza kuti asadzipusitse. Ndinati si iwe unandituma mafuta a dzuwa? Si iwe unaona kuti mayi ako ndi wakuda kwambiri moti sangaime pachithunzi ndi apongozi ako? Ndachita zimene unafuna, ndiye usandifunse za chipatala. Ndinatulutsa botolo lija m'sutukesi n'kuligwedeza kutsogolo kwa foni, mafuta akuchucha m'mbali.

Anagwira pakamwa. Kenako anachoka, ndinangoona denga la chipinda chake, ndipo anabwera ndi kachubu koyera. Anati amenewa ndiwo mafuta a dzuwa. Sayeretsa munthu, amangotchinga kuti khungu lisapse. Kumeneko aliyense amadzola nyengo yotentha, mzungu ndi wakuda yemwe, ndipo iye amadzola tsiku lililonse akamapita kuntchito. Anati anangoopa kuti ndidzakhala padzuwa tsiku lonse, ine wodwaladwala mutu.

Ndinakhala pabedi, diresi la ukwati lili m'thupi, botolo lili m'manja. Ndinafuna kunena kuti ndi amayi ako aakulu anandisokoneza, koma ndinadziwa kuti akulu anga sanandigwire manja. Fungo lija linadzaza chipinda chonse.

Mwana wanga sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nalankhula motsitsa mawu.

"Amama, apongozi anga amandifunsa kuti khungu lokongola chonchi ndinalitenga kuti. Ndakhala ndikuwauza kuti dikirani Julaye, mudzaona kumene linachokera. Manje ndidzawaonetsa ndani?"

Ndinayang'ana pafonipo. Pakona panali kabokosi kakang'ono, muli mayi wamawanga amene sindinkamudziwa. Galasi lonse lotsala linadzaza ndi nkhope yakuda bii, yosalala, chipumi changa, masaya anga, ndipo inali kulira.