Tsiku limene ndinaiwala kuchita mantha

Ndikukumbukira fumbi la mu lole imene inatinyamula ku Chiparamba, ana a giredi seveni, kupita ku Chipata kukaonera kanema. Tinanyamuka titadzola mafuta mpaka kunyezimira, koma pofika m'tauni tinali ofiira ngati mbatata zongokumbidwa kumene.

Kanemayo anabwera naye alendo a bungwe lina la ku Lusaka. Aphunzitsi athu, a Tembo, anamva mphekesera yoti sukulu imene ana ake ayankhe bwino mafunso idzapatsidwa mjigo. Choncho njira yonse ankatiloweza yankho limodzi: "Tachita mantha kwambiri."

Mu holo munkanunkha thukuta ndi utsi wa jenereta. Pansalu yoyera panaoneka dziko la m'tsogolo, louma, lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Anthu ovala zofanana ankaima pamzere ndi zigubu, asilikali akuwalondera, aliyense n'kulandira madzi ndi buledi. Alendo aja ankapukusa mitu mwachisoni, uku akumwa madzi a m'mabotolo. Ine ndinkangosirira. Madziwo anali oyera, panalibe wolowerera pamzere, ndipo aliyense anali ndi nsapato.

Kanema atatha, mayi wina wa magalasi, mmodzi mwa alendo aja, anandiloza. "Iwe mtsikana, ungakhale m'dziko lotere?"

Yankho la a Tembo linandithawa. "Kumeneko n'kuti, madamu? Amayi anga angakukonde kumeneko. Kwathu madzi timachita kufukula mumchenga, ndipo buledi ndi wa pa Khirisimasi."

Ana onse anafa nacho chiseko. Mayiyo sanaseke. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti anthu aja analibe ufulu. A Tembo anangondiponyera diso lija lotanthauza kuti tikaonana.

Apo mnzanga Misozi, amene anagona theka la kanemayo akundidonthezera dovu paphewa, anaimirira atagwira pamtima. "Ine ndachita mantha kwambiri," anatero, mawu akunjenjemera, ndipo analiradi. Alendo anaomba m'manja, anamujambula, n'kumuveka sikipa yatsopano.

M'mawa mwake a Tembo anandikumbitsa dzenje la zinyalala mpaka manja anatuluka matuza. Mjigo sunabwere, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti ndinaudya ndi pakamwa panga. Kumtsinje amayi anzawo a amayi anga ankati akandiona, "Patukani, wabwera wa buledi uja." Ndinakula ndisanamve kuti panalibe sukulu ndi imodzi yomwe imene inalandira kanthu.

Masiku ano ana anga amaonera makanema otere pafoni, magetsi akakhalapo, ndipo palibe amene amawafunsa maganizo awo. Misozi ndi khansala tsopano. Ndinamuona pamaliro ena mwezi watha, atagwira maikolofoni, akulonjeza anamfedwa msewu wa tala. Amalirabe bwino kwambiri.