Khitchini ya Munthu Wamanzere

Nyumba yathu ya pa boma la Mchinji tinalowamo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine ndili namwino pachipatala, amuna anga akuphunzitsa kusekondale. Khitchini yake inali kachipinda kakuda ndi mwaye, ka zenera limodzi, ndipo ndinapirira nako zaka zisanu. Titaganiza zokakonza, mnzanga wakuntchito anandilozera mayi wina wojambula mapulani a nyumba, wa ku Mavwere, amene anaphunzira ntchitoyi ku Lilongwe.

Mayiwo anafika Loweruka m'mawa, tepi yoyezera ndi kope zili m'chikwama. Ndinawaonetsa chithunzi cha pakalendala imene ndinabwera nayo kuchokera ku Chipata, cha khitchini ya makabati ofika kudenga.

"Ndikufuna ngati iyi," ndinatero.

Anachiyang'ana pang'ono n'kuchiika pambali. "Mayi, yambani mwaphika kaye, ine ndizionerera."

Ndinachita manyazi, komabe ndinakoleza mbaula. Iwo anakhala pakhomo mpaka dzuwa pamutu osayeza kalikonse. Ndikudula anyezi anandifunsa, "Kodi ndinu amanzere?" Ndinavomera. Chichokereni kupulayimale, kumene ankandimenya ndi rula kuti ndizilemba ndi dzanja lamanja, palibe amene anaganizirapo za dzanja langali.

Patatha mlungu anabwera ndi pulani. Podulira ndiwo ndi poyanika mbale anaika kumanzere kwa sinki. Mashelefu anawatsitsa poti ndine wamfupi. Anajambulanso zenera lalikulu chakum'mawa ndi chumuni pamwamba pa malo a mbaula, chifukwa magetsi ankangozimazima. Makabati ofika kudenga aja panalibe.

"Mungawafikire bwanji?" anatero nditafunsa. "M'menemo muzingokhala mphemvu basi."

Ndinaseka n'kulola. Koma pa chitseko chakuseri tinasiyana maganizo. Iwo anafuna kuchitseka ndi njerwa kuti papezeke malo a tebulo lalikulu.

"Ayi, chimenecho chisiyeni," ndinatero. "Amayi a ku Chiosya ogulitsa mtedza amaodira pamenepo, anzanga oyandikana nawo chimodzimodzi. Khomo lakumaso ndi la abusa ndi alendo a abambo."

Anayang'ananso pulani ija, pensulo ili pamlomo. "Apa ndiye sindinaone bwino," anatero, n'kufufuta mzerewo. Tebulo linachepa, linangotsala la anthu awiri.

Mmisiri womanga anatha miyezi iwiri, ine ndikuphikira pansi pa mtengo wa mango. Mayiwo ankabwera Lachitatu lililonse kudzayendera ntchito, ndipo tsiku lina anamugumulitsa mizere itatu ya njerwa poti zenera analikweza kwambiri. Mmisiriyo anang'ung'udza, koma anagumula.

Chimene sindinachiyembekezere ndi cha amuna anga. Munthu amene sankaponda m'khitchini anayamba kubwera ndi makope a ana asukulu kudzachongera pa katebulo kaja, akuti ndi pamene pakuwala bwino m'nyumba yonse. Ine ndikamasenda mbatata, iwo ankandiwerengera mayankho oseketsa a ana a Fomu 2, tiyi akuzizira m'kapu.