Mabowo Makumi Anayi a Kalioti

Anzanga, tsiku limene Kalioti anachita manyazi osaiwalika linali Lachiwiri, mu Juni 1979. Mathirakitala odzaza nzimbe anali atandanda kuyambira pageti la fakitale ya shuga ku Chikwawa mpaka kumsewu. Chigayo chofinyira nzimbe chinali chitaima, kudikira chitsulo chimodzi chokha chimene iye ankaboola m'wekishopu.

"Munati ola limodzi, a Kalioti," anatero a Symon, kapitawo wa m'wekishopumo. "Tsopano akwana maola atatu. Nzimbe zodula zikuuma padzuwa chifukwa cha mawu anu. Mukadzalakwitsanso, mubwerera kumunda."

Kumundako ndiye kunali kuopsa. Atadula nzimbe zootcha kwa zaka zisanu ndi zinayi, phulusa linamuwononga chifuwa, ndipo adokotala anamuuza mosabisa kuti akabwererako sadzamuona mwana wake Teresa akukula. N'chifukwa chake akuluakulu a pafakitale anamupatsa miyezi itatu yoyeserera pa makina oboolera zitsulo. Luso la manja anali nalo, koma masamu ayi. Sitandade 8 anailephera kawiri.

Komatu sananame dala. Anaboola bowo limodzi akuyang'ana wotchi ya pakhoma, n'kupeza mphindi imodzi ndi theka. Mabowo anali makumi anayi, ndiye anati ola limodzi. Ngakhale ine ndikanayankha chomwecho, kunena zoona!

Loweruka anatsatira mkazi wake Jesinta kudimba, m'mbali mwa Shire. Kulima sakanatha, choncho anangokhala pamthunzi wa nthochi atagwira tsaya, mkaziyo akubzala chimanga.

"Mutu wangawu ndi wakufa, amake Teresa," anadandaula. "Masamu anandikana kalekale."

Jesinta anamenya khasu pansi kamodzi, phando n'kutseguka.

"Bambo a Teresa, phando ili ndakumba nthawi yaitali bwanji?"

"Aa, kuphethira kamodzi basi."

"Nanga bwanji kadimba komweka kamandithera tsiku lonse?"

Kalioti anayang'anitsitsa. Mkaziyo anawerama, anaponya mbewu, anafotsera ndi phazi, anaponda sitepe, anachotsa matope pakhasu, kenako anaweramuka n'kugwira msana. Zonsezo zinachitika khasu lisanalowenso pansi.

Mwamuna uja anaseka mpaka kutsokomola. Mkazi wake anataya khasu n'kudzamusisita pamsana, akumukalipira mwachikondi kuti asaphe anthu ndi mantha.

"Ine ndinawerenga nthawi ya bowo yokha," anatero Kalioti mpweya utabwerera. "Za pakati pa bowo ndi bowo sindinawerenge."

Kuyambira Lolemba lake, choko sichinachoke m'thumba mwake. Ankalemba pachidutswa cha lata nthawi ya chilichonse: kumasula chitsulo, kuchisuntha, kuchimanganso, kuthira madzi kuti nsonga yoboolera izizire. Anapeza kuti chitsulo chokhuthala chimadya nthawi yochuluka, kuti nsonga yaikulu imafuna makina oyenda pang'onopang'ono, ndiponso kuti ikaboola mabowo khumi ndi awiri imabuntha, n'kufunika kunoledwa. Pophatikiza manambala ankalakwitsa, n'kufufuta ndi chigongono, n'kuyambiranso.

Anzake anamupatsa dzina loti a Wotchi. Akamadutsa ankamufunsa kuti, "A Wotchi, kutafuna mbatata imodzi ndi mphindi zingati?" Zinkamuwawa ndithu, koma ankangomwetulira.

Kutatsala sabata imodzi kuti miyezi itatu ithe, chigayo chinaimanso. Panafunika chitsulo chatsopano chokhuthala, cha mabowo makumi asanu ndi limodzi. A Symon anafunika kuuza akumunda nthawi yoyambiranso kutumiza nzimbe, ndiye anaitana Kalioti.

"Nthawi yaitali bwanji?"

Kalioti anayang'ana lata lake lija. "Maola anayi, bwana."

"Anayi! A Paulo akuti awiri akwanira." A Paulo anali mmisiri wakale pamenepo, ndipo palibe amene ankawatsutsa.

Kalioti akanatha kungovomera kuti akondweretse akuluakulu, koma ananena zoona.

"Pepani, a Paulo sakunama. Kuboola kokha ndi maola awiri. Koma kusuntha ndi kumanga chitsulo ndi ola limodzi ndi theka. Kunola nsonga ndi kuiziziritsa, theka la ola. Ndikakuuzani awiri, nzimbe ziumanso pageti."

A Symon anatumiza uthenga kumunda kuti mathirakitala asanyamuke mpaka teni koloko itakwana ndi maola ena anayi pamwamba, kutanthauza thuu koloko masana.

Kalioti anayamba teni koloko yeniyeni. Sanathamange, sanazengereze. Thukuta linkatsika, chifuwa chikulira pang'ono, iye ali phee ndi ntchito yake. Amene ankamuseka aja anasiya zawo n'kumasuzumira wotchi mobisa. Bowo lomaliza linatseguka kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti thuu koloko ikwane. Thirakitala yoyamba inafika chigayo chitayamba kale kulira.

A Symon anamugwira paphewa n'kuthokoza m'Chisena chakwawo. "Takhuta, a Kalioti. Makinawa ndi anu. Za kumunda muiwale."

Ataweruka anapeza Jesinta pampopi, ali pamzere ndi ndowa, Teresa ali kumbuyo. Anafuna kudikira kuti akafike kunyumba, koma mawu anamupulumuka pomwepo.

"Amake Teresa, kumunda sindibwereranso."

Mayi uja anangokhala pansi pamatope pomwepo n'kuyamba kulira, amayi anzake akudabwa kuti kwagwanji. Kalioti anamasula mwanayo kumsana kwa amake n'kumunyamula yekha. Anagwira ntchito pa makina oboolera aja zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pa ukwati wa Teresa anavina mpaka nsapato kuvuka.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwalephera pagulu, anthu akukulozani chala, ndipo mwayamba kukhulupirira kuti mutu wanu ndi wakufa. Ayi ndithu, si wakufa. Mwina pali kanthu kamodzi kokha kamene simunakaone. Khalani pansi, yang'ananinso bwinobwino, mverani ngakhale munthu amene sanakhalepo m'kalasi. Mawa mudzuke mukayeserenso. Chonde, mtima wokhawo musautaye.