Ndinkawayankhira achemwali anga

Chaka chatha, fodya atayamba kupsa m'munda, achemwali anga anabereka mwana wamkazi amene sanakhalitse. Anamwalira mchombo usanagwe. Kwathu khanda lotere amati nthayo. Amakaliika azimayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo salilira. Amayi anawagwira achemwali pamapewa n'kuwauza kuti, "Usalire, mwana wanga. Ukalira sudzaberekanso." Alamu anga anali ku Joni, anangoimba foni. Achemwali sanagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo tonse tinawayamikira kuti ndi olimba mtima.

Ntchito sinaime. M'mawa tinkathyola fodya, masana n'kukhala m'chigafa kumasoka masamba ndi kuwapachika kuti aume. Achemwali ankakhala nafe, koma singano inkangokhala m'manja mwawo. Anayamba kusiya chakudya. Kusamba mpaka wina awakumbutse. Kenako anasiya kuyankhula.

Azimayi a kumpingo anayamba kubwera kudzazonda. Mwambo wake ndi wakuti odwala savutitsidwa ndi mafunso, amawayankhira wachibale. Amayi ankakhala kumunda, choncho ntchitoyi inagwera ine ndikabwera kusukulu.

"Adzuka bwanji odwala?"

"Adzukako bwino, akupezako."

Ine ndine wamanyazi, m'kalasi sindikweza dzanja, koma mawu amenewa ndinawazolowera. Ankatuluka okha. Azimayi aja ankaimba, kupemphera mokweza, kenako n'kumapita atakhutira. Ngakhale m'kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku lililonse ndinkalemba zomwezo, kuti lero ali bwinoko. Tsiku lina ndinaona milomo ya achemwali ikunjenjemera, ndipo ndine amene ndinafulumira kunena kuti, "Musalire, achemwali, amayi angamve."

Amayi ataona kuti palibe chikusintha, anati tikangomaliza kuthyola fodya awatengera achemwali kuphiri, akasale kudya ndi kupemphera. Sankanena mwankhanza. Amayi amawakonda achemwali, ndipo ankachita zimene amadziwa. Koma ine ndinkayang'ana mikono ya achemwali, mmene inali itawondera, n'kumadzifunsa kuti munthu wosadya kaleyu akasala chiyani. Ndinkaopa kuti kuphiriko sakabwerako.

Kusukulu kwathu, kufupi ndi Mtunthama, kumabwera mayi wina wogwira ntchito ya uphungu kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Amadzacheza ndi atsikana, ndipo timangowatchula kuti amayi a uphungu. Ndi a mpingo wathu womwe, kungoti amakhala mudzi wina. Tsiku lina atabwera, m'kalasi sindinanene kanthu. Atatuluka ndinawapeza akumanga chikwama panjinga, ndipo ndinawagwirira njingayo ngakhale sinkagwa.

"Iwe, njingayi waikonda kapena uli ndi mawu?" anandifunsa akuseka.

Ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana tayala. Amayi amatiuza kuti za m'nyumba sizituluka panja, ndipo ine ndinali nditazitulutsa.

Ulendo wotsatira azimayi a kumpingo atabwera, amayi a uphungu anali nawo, atavala chitenje cha mpingo ngati anzawo. Tsiku limenelo amayi analipo. Tonse tinali m'chigafa.

"Mwatibweretsera a ku ofesi lero," anatero amayi. "Pepani, mipando yathu ndi mitolo ya fodya."

"Ofesi yake iti, amnzanga? Ine ndinakulira m'chigafa. Ndipatseni singano muone."

"Utomoni ukudetsani manja osalalawo," anatero mayi wina, onse n'kuseka.

Anakhala pansi pafupi ndi achemwali n'kuyamba kusoka, ndipo ankathadi. Azimayi anaimba, iwonso anaimba nawo. Atapemphedwa kuti apemphere, pemphero lawo linali lalifupi kwambiri moti ena anachedwa kutsegula maso. Kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Mwadzuka bwanji, mwana wanga?"

"Adzukako bwino, akupe..."

"Ndafunsa eni ake," anandidula, mofatsa koma osamwetulira.

Mayi wina anayamba kung'ung'udza nyimbo kuti atipulumutse, koma amayi a uphungu anamugwira bondo kuti asiye. Anapitiriza kusoka, ndipo anayamba kuyankhula ngati akuuza masambawo.

"Kale ine ndinali katswiri wopempherera odwala. Akamva kuti wina wadwala, ankathamangira ine. Ndiye mlongo wanga wamng'ono anasiya kuyankhula chonchi. Ndinamupempherera mpaka mawu kusasa. Ndinamuuza Mulungu zonse za mwana uja, koma mwanayo sindinamufunse kanthu. Tinamutaya. Ndinakhala nthawi yaitali pemphero likundikanika pakamwa. Pamene ndinapita kukaphunzira za uphungu, anthu ankati ndataya chikhulupiriro. Koma kumeneko ndi kumene ndinayambiranso kupemphera, nditaphunzira kutseka pakamwa."

Anatenga tsamba lina, n'kufunsa achemwali kuti, "Mwana wanuyo munamuona nkhope?"

Amayi anadzidzimuka. "Zimenezo sitifunsa!"

Koma achemwali anali atakweza mutu. Mawu awo anatuluka okhakhala, ngati a munthu wina.

"Anali ndi tsitsi lambiri."

Atatero analira. Sindinamvepo kulira kotero. Anagwera pamiyendo ya amayi a uphungu, masamba obiriwira akuphwanyika pansi pawo. Amayi anaimirira.

"Mwandiphera mwana! Ndani adzamupatsenso mimba ameneyu?"

"Wopatsa ana ndi Mulungu, mayi, ndipo misozi saiopa," anatero amayi a uphungu. "Kupemphera musasiye. Koma kuphiri asapite, thupi latha ili. Mundibwereke mwanayu, akaonane ndi adokotala, ndipo ine ndizicheza naye. Inunso mubwere, mwatayatu mdzukulu."

Amayi anandiyang'ana ine. Sanafunse kuti anawaitana ndani, ankadziwa.

Kuphiri achemwali sanapite. Abambo, amene sakonda kuyankhula, ndi amene anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Achemwali anayamba kudya pang'onopang'ono. Masiku ena amacheza, masiku ena amangokhala. Akabwera kocheza ndi amayi a uphungu maso amakhala ofiira, koma amapempha madzi osamba okha. Anandiuza kuti akamaliza kucheza amafunsidwa ngati akufuna pemphero, ndipo tsiku lina anakana, mayiwo n'kungoti chabwino.

Ine mtima sunakhale pansi. Ndikawaona achemwali akudya, ndimakumbukira masabata onse aja amene ndinkayankha kuti akupezako, iwo ali pomwepo akumva. Ndikawaona amayi akuyang'ana mimba ya achemwali mwakabisira, ndimadziwa kuti mantha amenewo ndinawabweretsa ndine. Alamu akadzabwera, mwana n'kuchedwa kubwera, amayi sadzanena kanthu, koma adzandiyang'ananso monga anandiyang'anira m'chigafa muja. Nkhaniyi sitinaikambepo. Kwa nthawi ndithu ankandituma kudzera mwa abambo.

Nditawauza amayi a uphungu zimenezi, ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinachita bwino. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga iwe unamulira mwanayo?" Ndinali nditamusokera kachipewa kofiira, ndipo kadakali pansi pa zovala zanga.

Fodya atauma, m'mawa wina tinkasankha masamba adakali ofewa ndi mame. Mayi wina woyandikana nafe anadutsa ndi ndowa pamutu, n'kufunsa amayi kuti, "Adzuka bwanji odwala?"

Ndinaweramitsa mutu. Amayi anatsegula pakamwa kuti awayankhire, koma anadziletsa. Anapitiriza kusalaza tsamba pabondo, osayang'ana aliyense.

"Ali pomwepa," anatero. "Afunseni."

Achemwali anachedwa kuyankha, ndipo mayi uja anadikira, ndowa ili pamutu.

"Lero sindinadzuke bwino," anatero achemwali.

Amayi anandikankhira mulu wa masamba osasankha, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri.